Sabata Imene Kontena Inakana Kudzuka

Ayi alamu, Lamulungu lija sindinadwale. Ndinali ku ofesi ya kopaletivi ya mpunga kuja ku Chia, ndekhandekha, kudikirira kompyuta. Mukuseka? Imani ndifotokoze.

Mukudziwa ine sukulu ndinalekezera Sitandade 7, pa ofesipo ndinalowa ngati wosesa. Mayi amene anadzatiikira makompyuta asanu aja ndi amene anaona kuti ndili ndi chidwi. Anandiphunzitsa pulogalamu ina, amati sikana. Imayendera makompyuta onse kufufuza pobowoka, pamene akuba a pa intaneti angalowere n'kutenga mayina ndi manambala a alimi. Sikanayo imakhala m'kabokosi kakekake m'kati mwa kompyuta, amati kontena. Bokosi losagwirika ndi manja. Ine mpaka lero ndimangovomereza kuti lilipo.

Asanapite ku Joni, mayiwo anandilembera zochita m'kope. Lolemba lililonse yendetsa sikana, sindikiza lipoti. Mwezi ukatha chita apudeti, ndiye kuti kukoka zatsopano pa intaneti. Chaka chathunthu zinkayenda. Ndiye Lolemba lina ndachita apudeti bwinobwino, ndikuti ndiyendetse, yakana. Kagudumu kakungozungulira pa sikirini, pansi pake Chingerezi chonena kuti ndandanda sinafike.

Mankhwala amene ndimadziwa ine ndi amodzi: zimitsa, yatsanso. Foni imamva zimenezo, wayilesi imamva. Ndinazimitsa, ndinayatsa, ndinadikira pang'ono. Kagudumu komweko. Ndinazimitsanso. Tsiku limenelo kaya kangati. Ndipo 4 koloko ikakwana, lamulo la pa ofesi ndi lakuti zonse zizime, batire ya sola ingafe.

Lachitatu a manejala anandiitana. "Bambo, bungwe lotithandiza likufuna lipoti Lolemba. Likapanda kutuluka, tiitana wa dipuloma kuchokera pa boma. Inu mubwerere ku tsache." Sanalankhule mwankhanza ayi. Bola akanakalipa.

Tsono ndifunse ndani? Nambala ya mayi aja inali itasiya kulowa. Anzanga pa bawo ankangoti, "Abwana a kontena, kiyi mwataya?" Kunyumba, chitisiyireni mlongo wanu, ndikalankhula amandiyankha ndi makoma.

Kumapeto kwa kope kunali adiresi ya bwalo la pa intaneti pamene ogwiritsa sikana amafunsana. Ndinajambula sikirini ndi foni, n'kulemba Chingerezi changa chothyokathyoka, manyazi ali tho. Lachinayi zii. Lachisanu zii. Ndinkatsegula foni ngakhale pakati pa kudya. Loweruka m'mawa, yankho limodzi. Munthuyo anafunsa kuti kompyutayo ndimaisiya yoyaka nthawi yaitali bwanji. Ndinati mphindi makumi awiri sizikwana. Anati ikalandira apudeti imayamba yakoka ndandanda yonse ya matenda a makompyuta n'kuisanja, ndipo netiweki ikakhala yofooka zimatha tsiku. Mukazimitsa imayambiranso poyamba. Musaikhudze.

Ndinakhala pansi. Ndiye kuti sabata yonse chinthucho chimayesetsa kudzuka, ine n'kumachigonekanso ndi chala changachi?

Loweruka ofesi imadzaza, aliyense akutchaja foni, moto sukanakwana. N'chifukwa chake ndinapempha kiyi wa Lamulungu. Ndinayatsa dzuwa litangotuluka, ndinazula fani ndi pulinta kuti moto wonse upite kumodzi. Kenako ndinakhalira manja. Zoona alamu, ndinawakhalira, chifukwa chala chinkapita chokha pa batani. Belu la ku tchalitchi ndinalimva. Nyimbo yolowera ndinaimba nawo chapansipansi, mpaka mphepo inatembenuka.

Masana kunabwera mtambo, nambala ya batire n'kuyamba kutsika. Ndinatuluka kukauyang'ana, ngati ungandimvere chisoni. 4 koloko inakwana, kagudumu kakuzungulirabe. Chiyambireni ntchito ndinali ndisanaphwanyepo lamulo lija. Ndinaganiza, batire ikafa ndi mlandu wanga, ndikazimitsa ndi tsache. Ndinasiya choncho.

Cha m'ma 5 kagudumu kanasowa. Panalibe ndi womuuza yemwe. Ndinangoimirira, ndinakhalanso.

Lolemba lipoti linatuluka nkhomaliro isanakwane. A manejala analiwerenga, anati, "Chabwino," n'kupitiriza zawo. Zoti ndinaphwanya lamulo la batire ndinawauza ndekha, anangogwedeza mutu.

Wondithandiza uja ndinamulembera zikomo kawiri, sanayankhe. Kaya ndi bambo kaya ndi mayi, kaya ali dziko liti, dzina lenileni sanalembe. Pa chithunzi chake pali mphaka wakuda basi.