Mimba Yachitatu ndi Foni ya Pakhomo

Pakhomo pathu ku Nazombe foni yaikulu inali imodzi yokha, ndipo inali yanga pa dzina chabe. Ndinaigula chaka chimene nandolo anachita bwino, koma m'manja mwanga sinkakhalitsamo. M'mawa inkakhala ndi mng'ono wanga, mayi wa ana awiri amene amakazinga mandasi, chifukwa aphunzitsi a pasukulu ya pafupi ankaitanitsa mandasiwo pa foni yomweyo. Masana amayi ankaifuna kuti alankhule ndi amalume a kutsidya kwa malire. Madzulo amuna anga ankaonerapo zigoli za mpira. Kwathu mwamuna ndiye amabwera kwa mkazi, choncho nyumba yanga, ya amayi ndi ya mng'ono wangayo zili pabwalo limodzi, ndipo foni inkangodumpha makomo ngati mchere. Loko sindinkaika. Kuika loko kukanakhala kuwauza abale anga kuti pali chimene ndikubisa.

Chaka chimenecho chobisa chinalipodi. Ndinali ndi pakati kachitatu, koma mwana ndinalibe. Mimba ziwiri zoyamba zinapita padera. Yoyamba ndinaifalitsa ndekha chifukwa cha chimwemwe, mpaka azimayi a kwaya anayamba kundiseka kuti ndisamavine kwambiri. Itachoka, aliyense anali ndi chifukwa chake. Ena ankati ndinalengeza msanga, ena ankati ndinkanyamula madzi ambiri, ena ankaloza nyumba za anthu osalakwa. Yachiwiri ndinauza amayi okha, koma nkhani inafikabe kuchitsime. Chimene chinandipweteka kwambiri si mawu a anthu ayi, koma nkhope ya amayi. Anaonda limodzi ndi ine.

Choncho nditazindikira kachitatu, ndinauza amuna anga tili kudimba awiri.

"Ulendo uno tikhale chete," ndinatero. "Ngakhale amayi asadziwe kaye."

"Mpaka liti?"

"Mpaka idzadzionetse yokha."

Anavomera. Kusikelo ndinayamba msanga, ndipo pochoka pakhomo ndinkati ndikupita ku Migowi kukaona mitengo ya mbewu.

Anamwino amene ankatiphunzitsa anali ochokera kumpoto. Chichewa chawo chinkapendekera ku Chitumbuka monga changa chimapendekera ku Chilomwe, ndipo mwina n'chifukwa chake tinkamvana, tonse tinkalankhula mosamala. Tsiku loyamba anatiuza kuti amene tili ndi mafoni aakulu tikhoza kuikamo pulogalamu ina yothandiza amayi oyembekezera. Inkafotokoza m'Chichewa mmene mwana akukulira sabata iliyonse, zoyenera kudya, ndi zizindikiro zoti munthu akaziona athamangire kuchipatala. Ine, amene ndinali nditataya mimba ziwiri osadziwa chimene chinkachitika m'thupi langa, ndinaifuna ndi mtima wonse.

Ndinakaiika ku Migowi, kumene netiweki imagwira bwino. Ndinakhala pakhonde la golosale ina n'kumayang'ana kamzere kakuyenda pang'onopang'ono. Foni inadandaula kuti malo achepa, ndinafufuta nyimbo zina. Bandulo inatha kamzere kali pakati, ndinagula ina. Itamaliza kulowa ndinasangalala, koma nditabwerera pasikirini chimwemwecho chinatha. Pakati pa tizithunzi tina tonse panali patakhala kachithunzi katsopano: mayi wovala zofiirira, atagwira mimba yaikulu ndi manja awiri. Ngakhale amayi, amene sawerenga, akanamva uthengawo.

Ndinakakokera kachithunzi kaja kutsamba lomaliza, kuseri kwa tina timene palibe ankatsegula. Kwa masabata angapo zinayenda. Ndinkawerenga ndili ndekha kumunda, ndipo zinkandikhazika mtima pansi. Ndinaphunzira kuti nseru yanga sinali matenda, ndi kuti kutopa kuja sikunali ulesi.

Koma pulogalamuyo inali ndi pakamwa. Inkatumiza mauthenga yokha, osafunsidwa. M'mawa wina ndikusesa pabwalo, mng'ono wanga ali pamoto ndi chiwaya chake, foni ili pamwendo pake, ndinamva ikulira. Anaitola n'kuwerenga mokweza.

"Achemwali, apa akuti sabata ino wakula ngati ndimu. Ndani ameneyu?"

Amayi anali chapafupi, akusankha nyemba palichero. Ndinasiya kusesa.

"Ndi za ulimi zimenezo," ndinayankha. "Za tomato. Alangizi amatumiza."

"Tomato ngati ndimu? Ndiye wachabetu ameneyo."

Mafuta anathetheka, iye anabwerera ku mandasi ake, amayi sanadzutse mutu. Ndinadikira pang'ono, kenako ndinapempha foni ija ngati ndikufuna kuona nthawi. Ndinapita nayo kuseri kwa khola la mbuzi n'kufufuta pulogalamu yonse.

Masabata otsatirawo anali ovuta. Ndinali nditazolowera kukhala ndi kofunsa. Tsopano m'mimba mukangopotokola pang'ono, ndinkakhala pansi n'kumamvetsera thupi langa ngati munthu womvetsera wakuba panja. Amuna anga ankandifunsa ndi maso tili pagulu, ine n'kumangogwedeza mutu.

Nditapitanso kusikelo, anamwino aja anandifunsa ngati ndikuwerengabe. Ndinawauza zonse, za kachithunzi, za ndimu, za khola la mbuzi. Anaseka mpaka anagwira tebulo, kenako anapukuta maso n'kunena kuti si ine ndekha. Amayi ena anaichotsa chifukwa inkadzaza foni, ena chifukwa inkangoti aikonzenso mwatsopano bandulo alibe, ena inkakana kulowa m'mafoni awo akale.

"Bweretsani foniyo, mayi," anatero. "Zomwezija zilinso pa intaneti. Simufunika kuika kanthu m'foni."

Anatsegula pamene timafufuzira zinthu, n'kundisonyeza mmene ndingatsegulire tsamba losasunga mbiri ya zimene munthu waona. Analemba adiresi yaifupi, n'kundiuza kuti ndilowe ndi nambala yanga ndi mawu achinsinsi amene ndinasankha poika pulogalamu ija. Zonse zinabwera: sabata imene ndinali, tsiku la sikelo yotsatira, maphunziro aja m'Chichewa.

"Ndiye ndikatseka?"

"Mukatseka, basi. Palibe kachithunzi, palibe kulira, malo sidya. Ndipo mukhoza kutsegula pa foni iliyonse, yanu kapena ya munthu wina. Kungoti imafuna netiweki nthawi iliyonse. Popanda netiweki simuona kanthu."

Anandibwerezetsa adiresiyo pakamwa mpaka ndinaisunga pamtima. Pobwerera pa kabaza ndinkaitchula chamumtima njira yonse.

Za netiweki ananena zoona. Kwathu imabwera mwa apo ndi apo, ndipo nthawi zina foni imagwira ya kutsidya n'kuyamba kutilandira m'Chipwitikizi. Koma pali chulu m'mphepete mwa munda wathu pamene imagwira bwino. Ndinkakwerapo ndi khasu langa, n'kuwerenga, n'kutseka, n'kutsika. Ndikafika pakhomo ndinkapereka foni kwa aliyense woifuna, mtima uli m'malo. Mng'ono wanga ankatha kuipenda mmene angafunire.

Tsiku limene ndimalikumbukira kwambiri linali la msika ku Migowi, ndili m'mwezi wachinayi. Foni ndinaisiya pakhomo chifukwa kusukulu kunali msonkhano wa makolo ndipo mandasi ankafunika ambiri. Ndinagula mafuta ophikira ndi sopo, kenako ndili pakati pa anthu ndinamva kukoka m'munsi mwa mimba. Ndinapita kuchimbudzi cha pamsika. Panali timagazi, tochepa kwambiri, koma ine ndinali nditationapo kale kawiri.

Ndinatuluka osaona kumene ndikupita. Maganizo oyamba anali omwe aja a kale: ndikwere kabaza, ndikagone m'nyumba, nditseke chitseko, mwina zisiya zokha. Ndi mmene ndinachitira maulendo awiri aja. Miyendo inandifikitsa pa kashopu ka zitenje, ndipo ndinangokhala pabenchi la pakhomo osapempha.

Mwini shopuyo anali mayi wachikulire kuposa ine, wovala magalasi, amene sindinkamudziwa. Anandiyang'ana kwakanthawi.

"Amayi, mwadwala?"

"Mungandibwerekeko foni yanu pang'ono? Ndikufuna ndione zina pa intaneti."

Sanafunse zambiri. Foni yawo inali ya mtundu wina, yosiyana ndi yanga, koma pofufuzira ndinapapeza. Ndinalakwitsa adiresi koyamba chifukwa chala chinkaterereka ndi thukuta. Kachiwiri tsamba linatseguka. Ndinapita pa zizindikiro zoopsa. Panalembedwa momveka kuti kukoka kwa m'mbali kumachitika kwa ambiri, koma magazi, ngakhale ochepa, si oti munthu adikire nawo kunyumba. Apite kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa nthawi zambiri pamakhala chothandizika. Mawu akuti chothandizika ndinawawerenga kangapo. Ine ndinkadziwa kuti magazi akangooneka ndiye kuti zatha. Palibe anandiuzapo kuti mwina sizinathe.

Ndinatseka tsamba n'kubweza foni.

"Ndiyenera kupita ku Boma, kuchipatala," ndinatero.

Mayiwo anayang'ana nkhope yanga, kenako chitenje changa, ndipo ndikhulupirira anamva. Ananditengera jumbo ya mafuta ndi sopo n'kuiika kuseri kwa kauntala.

"Katunduyu mudzamupeza. Musanyamule kanthu. Amuna anu ali ndi foni?"

Amuna anga anali nayo yaing'ono ya mabatani, ndipo ndinatchula nambala yake. Mayiwo anaimba okha, kenako anandiperekeza mpaka pa siteji n'kuuza kondakitala kuti andikhazike kutsogolo.

Kuchipatala anandiyeza mkodzo ndi magazi, kenako anandigoneka pabedi m'kachipinda kotchinga ndi nsalu. Adokotala anapaka mafuta ozizira pamimba n'kuyamba kuyendetsa kamakina. Ndinayang'ana kudenga. Ndinali nditakonzeka kumva mawu amene ndinawamva kale, oti pepani mayi. Panapita kanthawi kakumveka phokoso lokhalokha ngati la wailesi yosagwira. Kenako kunamveka kugunda, kofulumira, kosalekeza, ngati ana awiri akusinja mumtondo umodzi mopikisana.

"Mukumumva?" anafunsa adokotala. "Ameneyo ndi mtima wake. Ali bwinobwino."

Ndinalira mokweza moti mayi wa pabedi lina anakweza nsalu kuti aone. Adokotala anati ndinali ndi matenda a m'njira ya mkodzo, amene akanakula ndikanawalekerera, koma anali oti mankhwala athana nawo. Anandiuza kuti ndipume, ndisalime, ndipo ndibwerenso adzandione.

Amuna anga ndinawapeza panja, atatsamira njinga yawo, malaya atanyowa ngati agwa mumtsinje. Anali atapalasa kuchokera ku Nazombe osaima. Atandiona ndi maso ofiira anagwetsa nkhope.

"Ayi, abambo," ndinatero msanga. "Alipo. Ndamumva ndi makutu angawa."

Anakhala pansi pomwepo, pafumbi, n'kuphimba nkhope ndi chipewa.

Popeza anandiletsa kulima, kubisa sikukanathekanso. Mawa lake ndinapita kwa amayi ali okha kukhitchini, ndipo ndinawauza m'Chilomwe, chifukwa nkhani zotere m'Chichewa sizindituluka bwino. Anamvetsera osandidula. Anafunsa mwezi, ndinawauza. Anafunsa ngati ndinamumvadi mtima, ndinati inde. Sanandikalipire kuti ndinawabisira. Anangodzuka, n'kupita kunyumba kwanga, n'kutenga khasu langa ndi ndowa yanga yotungira madzi kukaziika kuchipinda kwawo. Sindinazionenso mpaka nditachira.

Mwanayo anabadwa mvula itangoyamba, wamkazi, wolira kwambiri. Atakwanitsa miyezi yotuluka naye, ndinapita naye ku Migowi kukamuonetsa kwa mayi a zitenje aja. Anamunyamula, n'kumuyang'anitsitsa kupyolera m'magalasi awo, ndipo mwanayo anawakodzera pa diresi. Mayiwo anaseka, n'kunena kuti ndisankhe chitenje chomuberekera, chilichonse chimene ndachikonda. Ndinasankha chobiriwira.