Chigubu cha ku Chilumba

Mu Okutobala wa 2008 ndinataya izi. Mkazi wanga. Mwana wamwamuna amene anali m'mimba mwake, yemwe sindinamuone nkhope. Chichewa cha m'nyumba mwathu, poti ndi iye ankachilankhula kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Fungo la mandasi pa zovala zanga za ku ntchito. Malita makumi awiri a dizilo.

Zina zonsezo anthu amazimvetsa. Za dizilozo ndiyenera kufotokoza.

Tinkakhala ku Lwendulu, m'tauni ya Hwange, m'nyumba ya kampani ya zipinda ziwiri, ndi mwana wathu wamkazi wa zaka zinayi. Ine ndinali kalaliki mu ofesi ya oyeza malo pa mgodi, ntchito imene ndinaipeza nditamaliza koleji ku Bulawayo. Mkazi wanga akafuna kundiseka ankanditchula kuti "a mabalane", dzina limene anthu ogwira ntchito pansi pa mgodi amapatsa munthu wogwira cholembera.

Bambo ake anabadwira pa chilumba ku Malawi. Anabwera ku Hwange ali mnyamata, anakumba malasha mpaka imvi, ndipo anamwalira asanabwerere kwawo. Ankauza ana awo kuti kwawoko mwana ankangomusiya aziyenda yekha, chifukwa kulikonse kumene angalowere, madzi ankamubweza. Mkazi wanga anakula akumva zimenezo m'tauni imene ukapukuta zenera m'mawa, masana umalembapo dzina ndi chala. Chilumba anali asanachionepo. Ankafuna kukaimapo kamodzi kokha, mwana wathu ali pambali pake, mwana wachiwiri asanabadwe.

Amalume ake, atapuma ntchito ya pansi, anagula kagalimoto kakale kotsegula kumbuyo. Loweruka lililonse ankapita ku Zambezi, kumene mtsinje wa Deka umathira, kukagula nsomba zodzagulitsa m'tauni. Ndiwo anatiuza za chilumba cha kumeneko, kumene alendo olemera ankapita kukawedza. Zaka zimenezo alendo anali atachepa, ndiye alonda ankalola anthu wamba kuswera pa mchenga tsiku lonse, bola asaponde kapinga wa pafupi ndi nyumba zogona.

"Nanga kukwera kwake n'kotani, amalume?" anafunsa mkazi wanga.

"Ndalama zanuzo musandipatse, ndilibe wilibala yonyamulira," anatero amalumewo. Anatulutsa chigubu choyera kumbuyo kwa galimoto n'kuchiponya pansi. "Ndidzazire ichi ndi dizilo, iwe mwana. Chikadzadza, nonse atatu ulendo."

"Nanga wa bwato lotiwolotsa?" anafunsanso.

"Sopo wamtanda mmodzi ndi paketi ya mchere. Ameneyo ndi mnzanga, ndalama amadana nazo kuposa ine."

Inali nthawi imene malipiro anga a mwezi ankasungunuka ndili pa mzere wa ku banki. Kusunga ndalama kunali kusunga madzi m'dengu. Dizilo yekha ndiye sankaola.

Kufupi ndi pamene ankapakira malasha, malole ochokera kutali ankaima pa mzere masiku awiri kapena atatu. Mkazi wanga ankapita kumeneko ndi beseni la mandasi, mazira owiritsa ndi maheu. Madalaivala ena ankalipira ndi dizilo, m'kabotolo ka zakumwa. Sanawafunsepo kumene ankamutenga, ndipo inenso sindinafunse. Akafika kunyumba ankasefa mafutawo ndi kansalu, n'kuwathira m'chigubu, kenako n'kuchinyamula kuchiyang'anitsa ku dzuwa kuti aone pamene afika. Pamenepo ankalembapo kamzere ndi utoto wofiira wa m'zikhadabo. Masabata ena kamzere kankakwera ndi chala chathunthu. Ena ayi.

Ulendo wonse anali ataukonza m'mutu, ndipo ankaubwereza akuchapa kapena akusita, ngati munthu wophunzira nyimbo ya kwaya. Mazira asanu ndi limodzi, awiri awiri. Mbatata yophika dzulo lake. Maheu oumitsa mu furiji ya anansi, magetsi akakhalapo. Zitenje ziwiri, china chokhalira, china chomangira mthunzi. Chipewa cha mwana. Pomaliza, botolo lopanda kanthu.

"Lopanda kanthulo ndi lachiyani?" ndinamufunsa tsiku lina.

"Ndikatunge madzi a pa chilumba, ndidzathire pa manda a bambo. Si chilumba chawo, koma adziwa kuti ndinayesa."

Chigubu chinadzadza kumayambiriro kwa Ogasiti. Mkazi wanga anandiitana kuti ndidzaone, manja ake akununkha mafuta, ndipo anati tipite Loweruka lomwelo. Apa ndi pamene ndinalakwa.

Amalume asanatuluke m'tauni ankayamba adutsa ku Baobab, kumene kunkakhala akuluakulu a kampani, khomo ndi khomo, kutenga mabokosi a ayezi a mabwana ofuna nsomba. Limodzi mwa makomo amenewo linali la bwana wanga. Kutsogolo kwa galimoto kukanakhala mkazi wanga ndi mwana. Ine malo anga anali kumbuyo, pakati pa mabokosi ndi matumba onyowa. Chaka chimenecho ndinkayembekeza kukwezedwa pa ntchito. Ndinadziona ndili khale pamenepo, bwana akutuluka ndi kapu ya tiyi m'manja.

"Munthu angakwere bwanji pamwamba pa nsomba ngati katundu?" ndinatero.

"Popita mulibe nsomba, a mabalane. Nsomba n'pobwera."

"Fungo lake limakhalamo."

"Ndiye muvale tayi, likuopeni."

Ndinamuuza kuti bwana anandilonjeza kundibwereka galimoto ya ku ofesi tsiku lina, ndipo tikangodikira pang'ono tidzapita ngati anthu. Analankhuladi zimenezo bwanayo, kamodzi, akuseka. Mkazi wanga anandiyang'ana nthawi yaitali. Anakokera chigubu kuseri kwa chitseko n'kuchiphimba ndi thumba.

Lachisanu lililonse madzulo amalume ankaima pa msewu n'kuimba huta.

"Mawa, mkamwini?"

"Sabata ya mawa, amalume."

"Mtsinje ukhalapo, sukupita kulikonse. Koma mimbayo ikukula, ndipo msewu wake ndi mabampu okhaokha."

Mwana wathu ankakonda kuvundukula thumba lija kuti awerenge timizere. Ankafunsa m'Chindebele, ngati anzake onse a pa mzere wathu wa nyumba: "Siyahamba nini, mama?"

"Funsa m'Chichewa, ndikuyankha."

"Tipita liti?"

"Funsa bambo ako."

Sabata yachitatu ndinalimba mtima n'kukumbutsa bwana za galimoto. Sanakumbukire n'komwe kuti analonjezapo. Anati magalimoto a ku ofesi satuluka m'tauni, n'kupitiriza kulemba. Zimenezi mkazi wanga sindinamuuze. Ndinachita manyazi kubwerera kwa iye chimanjamanja, ndiye Lachisanu lotsatira ndinayankhanso kuti sabata ya mawa. Ndinatero masabata asanu ndi atatu. Ndawawerenga kambirimbiri, ndipo sachepa.

Kumapeto kwa Seputembala kunatentha monga kumatenthera ku Hwange, malata akulira masana. Mapazi a mkazi wanga anatupa moti ankapita ku malole atavala patapata zanga. Tsiku lina ndinamupeza atakhala pansi kuseri kwa chitseko, akupukuta fumbi pa chigubu ndi nsonga ya chitenje. Ndinamuuza kuti tipita Loweruka lachiwiri la Okutobala, pa galimoto ya amalume, ndipo ine ndikhala kumbuyo.

"Tayi ndikusitireni?" anafunsa. Kenako anaseka mpaka kugwira mimba.

Lachinayi anakatenga sopo ndi mchere. Lachisanu m'mawa anawiritsa mazira, n'kuwasiya m'poto kuti azizire. Anadandaula mutu, koma anati ndi dzuwa. Ndinapita ku ntchito.

Cha m'ma 11 koloko mayi wa nyumba yoyandikana nafe anafika ku ofesi akuthamanga. Mkazi wanga anali atagwa pa khomo, akunena kuti sakuona bwino. Ndinamupeza pa kiliniki. Namwino anamuyeza kuthamanga kwa magazi kawiri, n'kunditengera pambali. Anati apa sipathandiza, timutengere msanga ku chipatala cha mishoni, kumene kunali dokotala. Galimoto ya odwala inali itaima chifukwa chosowa mafuta, ngati magalimoto ambiri chaka chimenecho.

Amalume anabwera nditangowatumira uthenga. Thanki yawo inali pafupi kuuma, poti ankadalira chigubu chathu pa ulendo wa mawa lake. Tinadzera kunyumba. Ndinayala matiresi kumbuyo kwa galimoto, tinamugoneka, ndipo mayi uja anatenga mwana. Ndinatulutsa chigubu kuseri kwa chitseko. Amalume anadula botolo la pulasitiki kuti likhale chothirira. Ndinathira mafuta onse, mpaka kugwedeza chigubucho kuti dontho lomaliza ligwe.

Ndinakhala kumbuyo, mutu wake uli pa miyendo yanga, ndikumutchinga dzuwa ndi chitenje chimene chinayenera kukhala cha mthunzi. Munkanunkha nsomba. Tinadutsa anthu ambiri ondidziwa, ena a ku ofesi, ndipo sindinaganize za aliyense. Tisanafike pa msewu waukulu anayamba kukomoka. Ku chipatala anachita zonse zimene akanatha. Anamwalira Loweruka m'mawa, iye ndi mwana wa m'mimba uja, nthawi imene tikanakhala tikupereka sopo kwa mwini bwato.

Titabwerera ndinapeza mazira asanu ndi limodzi ali m'poto momwe anawasiya. Botolo lopanda kanthu linali pa tebulo, lotsukidwa, loimikidwa chozondoka kuti liume.

Maliro atatha amalume anandiuza kuti tsiku lililonse limene ndingafune adzatitenga ine ndi mwana, popanda dizilo, popanda sopo. Ndinawathokoza. Sindinapitebe. Mwana anafunsa kawiri kapena katatu, kenako anasiya. Ankafunsa m'Chindebele, ndipo ine ndinkangoyankha m'Chindebele momwemo, poti ndinalibe mphamvu zomuuza kuti afunse bwino. Chigubu chikadali kuseri kwa chitseko. Timizere tofiira tilipo makumi awiri ndi kamodzi, kuyambira pansi mpaka pakhosi.

Anthu amandifunsa ngati anasiya mawu. Ndimayankha kuti ayi, chifukwa amayembekeza mawu okhudza mwana kapena Mulungu. Koma analankhula. Inali nthawi ija ndikuthira mafuta, iye ali gone pa matiresi pafupi ndi dzanja langa, maso ali otseka. Anamva kulira kwa chigubu chikukhuthuka. Anatambasula dzanja n'kugwira malaya anga, ndipo ndinawerama kuti ndimve.

"Musathire onse, bambo a mwana. Siyaniko a ku chilumba."