Msomali Wamoto pa Kambale ka Intaneti

Inu a kampani ya intaneti amene munatiikira kambale pasukulu pathu ku Lisasadzi, munthu amene munatitumizira Lachiwiri uja munamutola kuti? Ndanyansidwa nanu, ndipo lero ndinena zonse.

Kwa amene simundidziwa, ndine mphunzitsi wa sayansi pasekondale yoyendera. Lachinayi lapitali, 10 koloko m'mawa, ndinali ndi mayeso apakamwa a pavidiyo, a mwayi wokapitiriza maphunziro kunja. Ndakhala ndikulembera zaka zitatu, aka kanali koyamba kundiitana. Satenga munthu wopitirira zaka 35. Ine ndikukwanitsa 36 mu Disembala.

Intaneti yathu imadzera pa kambale koyera, kafulati ngati chivindikiro cha ndowa, kali pamwamba pa chitsulo kuseri kwa ofesi. Ndi ka pulasitiki wolimba, kodzaza timabowo, tina tokulirapo, tina ngati diso la singano. Mayi amene anadzakaika chaka chatha anatifotokozera bwinobwino. Anati mafunde ake ndi aafupi kwambiri, mamilimita ochepa chabe, ndipo timabowo tosiyana kukulato ndi timene timawapinda kuti asabalalike, alunjike mzere umodzi pa nsanja ya kampani ili kutsidya kwa minda ya fodya. Anabwereza kawiri kuti wina asadzakakhudze.

Mwezi uno intaneti inayamba kudukaduka. Mavu aja omanga ndi dothi anali atamata timabowo tina. Lolemba 8:15 ndinaimba foni, mayi wa ku ofesi ya kampani anati katswiri afika tsiku lomwelo. Sanafike. Lachiwiri 11:40 njinga yamoto inaima pabwalo, panatsika a Phiri, ovololo yatsopano, magalasi akuda. Ndinawauza kuti vuto ndi dothi la mavu basi, pakufunika madzi ndi kaburashi kofewa.

Anaseka. "Madamu, inu kaphunzitseni. Zamakinazi tisiyireni eniakefe."

Ndinalowa m'kalasi. Kulakwa kwanga n'komweko.

12:30 ndikutuluka, fungo la pulasitiki wopserera lili gwa pabwalo ponse. Kambale akatsitsa, akaika pa thumba la feteleza. Pambali pake mbaula yobwereka kunyumba kwa ahedi. A Phiri agwira msomali wa mainchesi sikisi ndi pulayala, uli psuu.

"A Phiri, mukutani?"

"Vuto ndalipeza, madamu. Ku fakitale anaboola mwaulesi, mabowo osafanana. Netiweki ingadutse bwanji pa kabowo kotere? Ndikuwakuza onse akhale saizi imodzi, iziyenda momasuka."

Ndinaweramira kambale kaja. Anali atamaliza kale theka. Kodi netiweki ndi ufa woti udutse pa sefa? Anthu anakhala pansi, anawerengetsa kabowo kalikonse, iwe n'kubwera ndi makala? Safunsa anadya phula, koma apa phulalo anandidyetsa ine.

Ndinawafotokozera monga ndimachitira ndi ana a Fomu 1. Anandiyankha kuti akhala akukonza madishi a kanema zaka khumi ndi ziwiri ndipo palibe mzimayi anawaphunzitsapo ntchito. Anakabwezeretsa pamwamba. Kanyali kofiira kanayaka. Anati kamafuna kakhazikike kaye, mawa kathamanga ngati mphepo. Pepala loti ntchito yatheka ndinakana kusayina. Anasayina okha pamaso panga, n'kuliza njinga.

Lachitatu ndinaimba katatu: 7:50, 10:05 ndi 2:30. Koyamba anati kompyuta ikuonetsa kuti vuto langa linathetsedwa dzulo. Kachiwiri anandifunsa ngati ndayesa kuzimitsa n'kuyatsanso. Ndizimitse chiyani, mabowo? Kachitatu anati kambale kena kachokera kunja, ndidikire masabata asanu ndi limodzi, ndipo ndisakweze mawu chifukwa iwo sanagwire msomali.

Pasukulu pathu foni imagwira pachulu pokha, ndiye Lachinayi ndinalawira pa kabaza kupita ku Mtunthama, kukalumikiza laputopu ku intaneti ya pafoni. Ndinakhala kuseri kwa golosale ya mnzanga, laputopu pa kreti, chigayo chikulira pafupi. 10 koloko anthu anayi anaoneka pa sikirini. Anandifunsa funso loyamba, ndipo yankho ndinalidziwa bwino. Chithunzi chinauma ndili kukamwa yasa. Intaneti inaduka katatu. 10:20 anatseka. Madzulo kalata inafika yoti apepesa, malo apereka kwa wotsatira.

Ndipo inu a kampani, opanda manyazi, tsiku lomwelo munanditumizira uthenga woti ndipereke nyenyezi zingati pa ntchito ya katswiri wanu.

Ndikufuna mayankho. Ndani anamulemba ntchito munthu ameneyu? Munamuonetsako kambale kotere ngakhale kamodzi musanamupatse ovololo? Pepala losayina yekha mumalilandira bwanji?

Anzanga a ku Chulu, tcherani khutu. Ponyamuka a Phiri ananena monyadira kuti sabata ino ali ndi timbale tina tinayi kumeneko. Mukaona njinga yamoto yaima, munthu n'kupempha mbaula, musalowe m'kalasi ngati ine.

Lachisanu atsikana anga a Fomu 4 anandichingamira pachipata, kufunsa kuti ndege ndikwera liti. Ndinawauza kuti atsegule mabuku pa mutu wa mafunde, ndipo ndinaphunzitsa mphindi makumi anayi nditayang'ana kubolodi.