Buku lopanda chikuto ndi ng'ombe za alamu anga

Ndinalowa sukulu ndili ndi ndevu. Ndinayambira ku sukulu ya kwacha, kenaka aphunzitsi a pulayimale ya kwathu anandilola kumakhala kumbuyo kwa kalasi, mawondo atagunda desiki. Chingerezi ndinachitola movutikira, liwu limodzi limodzi. Poti kuwerenga ndinakupeza mochedwa, ndinkakulemekeza mopitirira muyeso. Mabuku amene ndinkawadziwa anali a kutchalitchi ndi a kusukulu, ndipo onsewo amanena zoona. Sindinkadziwa kuti munthu angathe kukhala pansi, kupeka nkhani yonse, ena n'kuisindikiza.

Kwathu ndi kumtunda, kufupi ndi malire, kumene timalima mbatatesi. Ndikakolola ndinkatsika nayo ku Manjawira. Kumeneko kunali bambo wina wachisilamu wa golosale, amene ankakulunga mchere ndi soda m'mapepala a mabuku akale. Anali nawo katoni yathunthu, osiyidwa ndi mzungu wina wa ntchito ya misewu. Zikuto zonse anazing'amba n'kuzitentha, poti masiku amenewo anthu achipani ankatha kukufunsa za chithunzi cha pabuku, ndipo mafunso otere sankathera pagolosale.

Tsiku lina anandipeza ndikuwerenga pepala limene anandikulungira mchere, milomo ikugwedezeka. Anaseka, nanditcha aphunzitsi a mbatatesi. Kenaka anafukula m'katoni buku lina lonenepa, nati ndilitenge lisanathere mu mchere. Masamba oyamba anali atapita kale.

Linali la ndege zankhondo. Ndilibe mawu okwanira ofotokozera mmene linandigwirira. Ine ndege ndinkangoziona ngati kadontho kodula mitambo, koma bukuli linandikhazika m'kati mwake. Linandiuza kuti woyendetsa amavala zovala zimene zimamufinya miyendo ndege ikamakhota, kuti magazi asathawe kumutu. Linandiuza za mawotchi a kutsogolo kwake, iliyonse ndi singano yake ndi ntchito yake, ina ya mafuta, ina ya kutalika kwake kuchokera pansi, ina ya liwiro. Linati ndegeyo imathamanga kuposa phokoso lake lomwe, moti imakudutsa kaye, mkokomo n'kubwera pambuyo. Chiganizo chimenecho ndinachiwerenga kangapo nditakhala pamzere m'munda, khasu lili pambali. Chinthu chosiya mawu ake m'mbuyo! Ndinayang'ana kumwamba ndili ndi mantha okoma, onga amene munthu amamva mvula yoyamba ikamagunda kuseri kwa phiri.

Mphamvu ya mabuku amenewa ndi yomweyo, ndipo sindidzaikana. Wolemba akafika pa makina sakuthamangitsa. Amakuonetsa batani lililonse, waya uliwonse, mpaka umamva ngati utapatsidwa ndegeyo ukhoza kuidzutsa. Anthu ake sandikhalitsa m'mutu, onse ankalankhula mofanana ngati ana a bambo mmodzi, ndipo akazi ankangodikira kunyumba. Koma makinawo anali amoyo. Tsamba limene ndinalikonda koposa linkafotokoza kagalasi koonera pansi. Linati kudzera m'menemo woyendetsa amasiyanitsa galimoto ya asilikali ndi ya anthu wamba ali kutali kwambiri, ndipo bomba limatsata pamene iye waloza, osaphonya.

M'zaka zomwezo nkhondo ya tsidya la malire inakula. Mlongo wanga anakwatiwa tsidya lomwelo, pamudzi umene tinkauona ndi maso titaima pachulu cha kuseri kwa nyumba yanga. Anathawa ndi mwamuna wake ndi ana n'kudzamanga kanyumba m'munda mwanga. Alamu angawo anali munthu wa nthabwala. Akandiona ndi buku ankati, “Alamu, mwauluka kale lero? Potera musaphwanye mbatatesi.” Komabe akamapumula pakhonde masana ankandiumiriza kuti ndiwafotokozere, ndipo ndinkawamasulira tsamba ndi tsamba, manja anga akuchita mapiko. Ankagwira pakamwa. Iwo sanapiteko kusukulu, ndipo ankakhulupirira kuti ine ndikudziwa.

Chimene chinkawadya mtima chinali ng'ombe zawo. Pothawa anatsegula khola n'kuzisiya kudambo. Kwa ife anthu a kumtunda, mwamuna wopanda khola amayenda ngati wavula. Ng'ombe zina mwa izo zinali za bambo awo, ndipo ankati maliro akagwa pamtundu sadzakhala ndi choti aphe. Wina wochokera tsidya atawauza kuti waziona zikudya m'dambo lomwelo, anayamba kunena zopita kukazitenga. Mlongo wanga anakana. Masiku amenewo ndege zinkamveka chakumeneko pafupipafupi, ndipo iye ankati wopita kumeneko akukadzipereka yekha.

Anakangana masiku angapo, ndipo m'mawa wina anabwera nayo nkhaniyo kwa ine ndikusanja mbatatesi m'matumba. Alamu sanaseke tsiku limenelo.

“Inu mwawerenga,” anatero. “Ali m'mwambamo, munthu wothamangitsa ng'ombe amamuona kuti ndi wa ng'ombe?”

Ndinalowa m'nyumba, ndinatenga buku, ndinatsegula tsamba lija la kagalasi. Ndinawauza kuti ndege zotere sizitaya bomba pa ng'ombe, zimaona zonse bwinobwino, zimafuna asilikali okha. Ndinawaonetsa ndi chala pamene panalembedwa, ngakhale iwo sakanatha kuwerenga. Sindinaname mwadala. Ndinali wotsimikiza ngati mmene ndimatsimikizira dzina langa. Mlongo wanga anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka ananyamula ndowa yake n'kupita kuchitsime.

Anapita anthu awiri, alamu ndi mnzawo wa mudzi womwewo. Tsiku lachiwiri, dzuwa lili pamutu, ndinali m'munda pamene chinthu chonyezimira chinadutsa pamwamba pa mapiri a tsidya, chotsika kwambiri, chopanda phokoso. Mkokomo unabwera pambuyo, ndendende mmene buku linanenera. Ndiyenera kulemba choona apa: mtima wanga unadumpha ndi chimwemwe. Ndinaima ndi khasu m'manja ndikuti, zoonadi, imasiya mawu ake m'mbuyo. Sindinaonepo chinthu chopangidwa ndi manja a munthu chokongola chotero. Kenaka ndinamva kugunda kwina kwapansipansi, ndipo utsi unakwera chakudambo.

Mnzawo uja anafika yekha tsiku lotsatira, miyendo itang'ambika ndi minga. Anati ng'ombe anazipeza, ndipo ankazitsogolera m'njira ya m'mbali mwa dambo, zikudzutsa fumbi lambiri. Mwina wa m'mwambamo anaona fumbilo n'kuganiza zake. Iye anali atapatuka kukabweza thole losochera, n'chimene chinamupulumutsa. Alamu anafera pomwepo, ndipo iye anawakwirira komweko mothamanga, pafupi ndi ng'ombe zawo, nabweretsa chipewa chawo chokha.

Maliro tinalira opanda thupi. Palibe amene anandinena. Ndinkadikira kuti wina atchule buku lija, koma anthu ankangondipatsa moni ngati kale.

Patapita milungu, mlongo wanga anabwera pakhonde panga n'kukhala pansi. Anandipempha kuti nditenge bukulo. Ndinaganiza kuti akufuna kulitentha, ndipo ndikanamulola.

“Achimwene,” anatero, “ndiwerengereni pamene akunena za munthu amene ali pansi. Ndikufuna ndidziwe chimene anaona, ngati anamva kuwawa.”

Ndinatsegula. Ndinapita ku masamba onse amene mabomba ankagwa, ndipo ndinkawadziwa pamtima. Paliponse woyendetsa ankadina batani, ndege inkapepuka, utsi unkakwera, iye n'kukhota kubwerera kwawo akulankhula ndi anzake pawayilesi. Kufotokoza batanilo kunkatenga tsamba lathunthu. Pansi pankatenga mzere umodzi, wa utsi. Ndinafufuza mpaka kumapeto, mlongo wanga akudikira. Ndinaganizanso kuti mwina zinali m'masamba oyamba aja amene anapita ndi mchere, koma ndinadziwa kuti ndikudzinyenga.

Ndinamuuza kuti mulibe.

Anagwedeza mutu pang'ono, ngati munthu amene wamva zimene ankayembekeza. Anati ndiye kuti wolembayo sanaimepo pansi. Anadzuka, nakonza nsalu yake, n'kundikumbutsa kuti mwana wake wamkulu akufunika kulowa sukulu chaka chimenecho, ndipo ine ndi amene ndikamulembetse. Ndinakamulembetsa.

Pambuyo pake ndawerenga ena angapo a mtundu womwewo, ndikufunafuna tsamba limene mlongo wanga anapempha. Ena amayesako mizere iwiri itatu, kenaka amathamangira kubwerera m'mwamba, kumene wolemba mtima wake uli. Ndimawamvetsa, pakuti wanganso uli komweko. Mpaka lero ndege ikamadutsa ndimasiya chimene ndikuchita n'kutukula mutu, ndipo chimayamba kufika ndi chimwemwe chija, manyazi n'kubwera pambuyo.

Mlongo wanga anamwalira asanandinenepo liwu loipa ngakhale limodzi. Buku lija ndikadali nalo. M'kati mwa tsamba la kagalasi ndinaikamo pepala la m'kope, pamene ndinalemba zonse zimene mnzawo wa alamu anandifotokozera: njira ya m'mbali mwa dambo, fumbi, mtundu wa ng'ombe iliyonse, ndi nyimbo imene alamu ankaziimbira pozitsogolera kuno.