Lachinayi la Kalekeni

Kalekeni wa ku Kaomba ndiye ankathirira nazale za fodya za banja lonse, m'mawa ndi madzulo, kutunga madzi pachitsime cha kudimba. Fodya akagulitsidwa, dzina lake silinkatchulidwa. Anali ndi zaka makumi atatu, wosayang'ana munthu m'maso. A dokotala kuboma anati ndi vuto la mu ubongo lotchedwa otizimu. Pamudzi ankangoti ndi mmene anabadwira.

Chimene chinkamuzunza ndi kusadziwa za mawa. Mayi ake ali moyo ankamuuza m'mawa uliwonse mmene tsiku liyendere. Atamwalira, ntchitoyo inagwera mlongo wake wamkulu, Lusiya, yemwe sanamunamizepo. Akanena kuti apita kuchigayo, ankapitadi, ngakhale malungo atamugwira.

Chaka chimenecho makuponi anabwera, koma feteleza osaoneka. Lusiya ankalawirira kukakhala pamzere kudepoti, n'kubwerako chimanjamanja.

"Achemwali, feteleza abwera liti?"

"Akuti mawa."

"Dzulo anatinso mawa. Mawa lake liti?"

Kalekeni ankafunsa tsiku lonse, akudzigwedeza pakhonde, akudziluma dzanja mpaka zilonda. Kudya anasiya. Mwamuna wa Lusiya, a Mphepo, anatopa nazo.

"Amake Thoko, alamuwa sakufuna feteleza ayi, akufuna tsiku. Tangowapatsani lililonse, nafe tipumeko."

Lusiya anayang'ana dzanja lotupa lija, nati, "Lachinayi."

Kalekeni anasiya kudzigwedeza. Anadya, anaimbako kanyimbo popita kudimba, ndipo Lusiya anayamba kuganiza kuti mwina wachita bwino. Lachinayi litakwana, Kalekeni anasamba, anapopa njinga, n'kumangapo zingwe zonyamulira matumba. Anakaima pageti la depoti mpaka alonda anatseka. Pobwera ankangoikankha njingayo.

"Munati Lachinayi."

"Mwina galimoto yafera panjira, achimwene."

"Anakuuzani ndani kuti Lachinayi?"

Lusiya anatsegula pakamwa, koma bodza lina linamukanika. "Palibe," anatero.

Ankayembekezera kuti akuwa kapena kudzimenya mutu. Iye anangomasula zingwe zija, n'kuzipinda bwinobwino.

Feteleza anabweradi patapita masabata awiri, fodya anawokeredwa, anakula. Koma kuyambira tsiku lija, Lusiya akayamba kumufotokozera za tsikulo, Kalekeni ankanyamuka mawu ali pakati. Mafunso ake anapita nawo kumsewu, kwa anthu odutsa amene sankadziwa kuti yankho la nthabwala limamudwalitsa sabata yathunthu.

Tsiku lina Lusiya akuanika zovala anamumva akuimitsa wogulitsa usipa.

"Abambo, mawa kugwa mvula?"

"Ine ndine wa zanyengo? Mawa kugwa miyala, akulu!" anatero wausipayo, akupalasa njinga uku akuseka.

Kalekeni anaima pomwepo, maso kumwamba, dzanja lili pakamwa. Lusiya anamuitana kawiri. Sanacheuke.