Tsiku limene nkhuku zinawerengedwa ine ndili kuseri

Ine kulemba sindidziwa. Izi akundilembera mnzanga wa kumpingo amene anali mphunzitsi, ndipo ndamuuza kuti mawu anga asawawongole.

Chaka chimene a kalembera ankayenda m'makomo, n'kuti ndikukhala ku Chipata kwa mwana wanga wamkazi, mawondo atakana khasu. Mwamuna wake, apongozi anga, ndi kalaliki, munthu waulemu. Mwambo timausunga: iwo akakhala pabalaza ine sindilowa, mawu athu amadzera mwa mwana wangayo. Zaka zonsezi sitinayang'anepo m'maso.

Tsikulo ndinali kuseri ndikusenda mtedza. Kunafika mayi wa kalembera atanyamula chifoni chachikulu, ndipo anamulowetsa pabalaza. Zenera linali lotsegula, ine makutu anga sanakalambe.

“Anagona m'nyumba muno ndani ndi ndani?”

Apongozi anadzitchula, anatchula mkazi wawo ndi ana atatu. Anatchulanso mphwawo amene anangobwera dzana kudzafuna ntchito. Kenako anati, “Basi, tathera pamenepa.”

Mwana wanga anazungulira kuseri n'kundinong'oneza. “Amayi, mungokhala chete. Mulibe chitupa. Akamva kuti munabadwira ku Malawi akakutulani pa Mwami, pamalire paja.”

Zoona, ndinabadwira tsidya ilo. Mayi anga anapita kukachirira kwa amayi awo, mudzi woti tambala akalira kwathu tinkamumva. Kuno ndinabwera ndili kumsana. Ndalima ku Chipangali mpaka zala kupindika, ndaika mwamuna ndi ana awiri m'dothi lomweli. Komabe ndinamumvera, pakuti mantha a mwana wako amakulowa ngati chisanu.

Mkatimo mafunso anapitirira. Madzi mumatunga kuti, chimbudzi n'chotani, wailesi ilipo. Ndiye ndinamva apongozi akuyankha mokoma, “Nkhuku zilipo, zisanu ndi ziwiri.”

Apo ndiye ndinaika lichero pansi. Kulowa sindikanalowa, ulemu sindinautaye. Ndinakoka kampando mpaka pansi pa zenera, ndinakhala chofulatira khoma, n'kuyankhula ndi mwana wanga mokweza ngati ali kudimba.

“Iwe, uwauze bambo a ana kuti mwa nkhuku zisanu ndi ziwirizo, zinayi ndinabwera nazo ndine. Ziweto zalowa m'boma, mwini wake watsala panja.”

Pabalaza apongozi anatsokomola. “Mayi a ana, auzeni amayi kuti ine ndikuwateteza.”

“Uwauze kuti chobisa kuseri ndi kachasu. Ine ndine munthu.”

Mayi wa kalembera anatuluka akudziletsa kuseka, n'kunjuta patsogolo panga. Ndinamutsogolera mawu asanatsegule pakamwa. “Mwanawe, ngati wabwera ndi galimoto ya ku Mwami, ndikwera. Koma uyambe wandilemba, kuti adziwe amene akumutayayo anali ndani.”

“Agogo, ine ndayenda wapansi kuyambira m'mawa, galimoto ndiitenga kuti? Chitupa sindifunsa. Ndikufuna amene anagona muno.”

“Ndinagona, ndipo ndimaliza mkonono. Afunse onse.”

Anandifunsa zaka, ndinamuuza kuti aone mano n'kuyerekeza yekha. Anandifunsa mtundu. Ndinati Mchewa, wa mayi Mchewa. Chiyankhulo? Chomwechi ukumvachi. Atafika pa kumene ndinabadwira, mwana wanga anandikanda pamwendo, ine ndinachotsa dzanja lake n'kutchula mudziwo ndi dziko lake lomwe, osameza liwu.

Anati watha. Ndinamugwira nsalu. Munthu wosadziwa kuwerenga amanamizidwa ndi kugwedeza mutu, ndiye ndinati andiwerengere zimene walembazo, mokweza. Anawerenga dzina langa, mtundu wanga, kobadwira kwanga, ndi mawu akuti wokhala m'nyumba muno.

Ndinati abwereze poti wokhala paja. Anabwereza, ndipo ndinamutaya nsalu kuti azipita khomo lina.