Ndinawanamiza Kuti Msana Wachira

Adokotala anandiuza mosabisa kuti timinofu ta pakati pa mafupa a msana wanga tinaperepeseka, palibenso zochira. Koma amayi a kumpingo sanatope. Lachinayi lililonse ankakwera chitunda cha kwathu ku Msakambewa kudzandipempherera, kenako tinkatongola chimanga uku tikucheza.

Tsiku lina amayi Nabanda, mtsogoleri wawo, anandifunsa akupumira m'mwamba, "Nanga lero mukupezako bwanji?"

Ndinachita manyazi kuwabwezanso chimanjamanja. "Ndachira, mayi," ndinatero, mpaka ndinawerama n'kutola chitsononkho kuti aone okha. Ululu unandilasa mpaka kuchidendene, ine ndikungomwetulira. Nthungululu zinamveka mudzi wonse.

Tsopano Lachinayi amapita kwa odwala. Ine wochirane ndimagona chagada pamkeka, pilo kunsi kwa mawondo, n'kumamvetsera nyimbo yawo ikudutsa m'munsi mwa phiri.